Nkhondo ya Mitengo ndi Mbozi m'Mapiri a Mchinji

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Lilongwe kupita ku malire a Zambia m'mwezi wa Seputembala, akapyola pa Kamwendo nayamba kuona mapiri a Mchinji, maso ake amakumana ndi chinthu chodabwitsa. Mvula idaleka kalekale, udzu udauma, fumbi lili koboo, koma m'malo momwe nkhalango idatsalako mitengo ya miombo yavala masamba atsopano. Masambawo si obiriŵira ai. Ena ndi ofiira ngati magazi, ena ngati njerwa yootcha, ena ngati mkuŵa. Pakapita masabata oŵerengeka kufiira kuja kumazilala, ndipo phiri lonse limabiriŵira mvula isanagwe ndi dontho lomwe. Alimi a kwa Mkanda, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni akaona zimenezi amadziŵa kuti nthaŵi yogalauza minda yakwana.

Tsono tsamba lanthete ndi ndiwo yokoma kwa mbozi, dzombe ndi tizilombo tina tosaŵerengeka. Mtengo ulibe miyendo yothaŵira, ulibenso mchira woingitsira adani monga ichitira ng'ombe. Nanga zimatheka bwanji kuti tchire silitha psiti chaka ndi chaka? Yankho lake ndi lakuti mtengo uliwonse ndi sing'anga wodzichiritsa wokha. Umapanga mankhwala m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu mwake. Ena amakhalamo nthaŵi zonse, koma ena umapanga pokhapokha mdani akauluma.

Chitetezo choyamba cha mombo ndicho kudziŵa nyengo. Akuluakulu adati nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo mtengowu umachita chimodzimodzi. Umaphuka m'chilimwe, potunga madzi ndi mizu yake yozama ndiponso podya nkhokwe ya chakudya imene udasunga m'thunthu ndi m'mizu. Tizilombo tambiri timaswana mvula ikagwa, ndiye pamene tikuchuluka timapeza masamba atayamba kale kukhwima. Kuchangamuka kumeneku nkofunika, pakuti katswiri wina, mai Phyllis Coley, amene adayesa masamba ambirimbiri m'nkhalango za ku Panama, adapeza kuti gawo lalikulu la kudyedwa kwa tsamba pa moyo wake wonse limachitika m'masabata ochepa aja pamene tsambalo likadali lanthete. Likapulumuka pamenepo, kaŵirikaŵiri limafika ku ukalamba.

Kufiira kuja nakonso kuli ndi ntchito. Kumachokera ku utoto wotchedwa anthocyanin, womwewo umene umafiiritsa chidede ndi kudetsa mabulosi akupsa. Utotowu uli ngati ambulera yotchinjiriza tsamba lofeŵa ku dzuŵa loŵaŵa la Okutobala. Komanso tizilombo tambiri todya masamba sitiona bwino mtundu wofiira, mwakuti tsamba limene likuŵala psuu m'maso mwa munthu, kwa kachilombo limaoneka lakuda ndi losakopa. Akatswiri amatsutsana kuti mwa ntchito ziŵirizi yaikulu ndi iti, koma palibe choletsa kuti utoto umodzi ugwire zonse.

Chida chachikulu cha mitengo ya miombo ndi mankhwala otchedwa tanini. Dzinali ndi lachilendo, koma palibe mwana wa ku Mchinji amene sadalaŵeko. Mwana akapupuluma nadya suku losapsa kapena nthochi yaiŵisi, m'kamwa mumauma, lilime limakhakhala, mano amachita ngati akutidwa ndi nsalu. Ameneyo ndiye tanini. Amagwira zinthu zomanga thupi zimene zili m'malovu nkuzimanga pamodzi, motero malovu amaleka kuterera. Mphamvu yomweyo ndi imene imachititsa kuti makungwa a mitengo ina azifufutira zikopa kuti zisaole. Madzi ofiira aja amene amatuluka mlombwa ukatemedwa, amene anthu amati magazi a mtengo, alinso ndi tanini wambiri, ndipo amauma pa bala nkulitseka kuti tizilombo ndi nkhungu zisaloŵe.

Amene adaonetsa poyera ntchito ya tanini pa mbozi ndi Paul Feeny, m'chaka cha 1970. Iye adafufuza mitengo ya oak pafupi ndi mzinda wa Oxford ku England, napeza kuti m'mwezi wa Epulo, pamene masamba angophuka kumene, tanini sakwana ndi gawo limodzi lomwe pa magawo 100 a tsamba louma, koma pofika Seputembala amapitirira magawo 5. Mbozi zimene adazidyetsa masamba okhwima zidapinimbira. Nchifukwa chake mbozi zambiri za mtengowo zimaswa nthaŵi imene masamba akuphuka, kuti zidye mofulumira chakudya chisanaipe. Mbozi yopinimbira siifa tsiku lomwelo, komatu imachedwa kukula, ndipo tsiku lililonse limene yachedwa pa tsamba ndi tsiku linanso limene mbalame ingaione.

Pali chifukwa chimene miombo imadalirira tanini. Nthaka ya m'mapiri momwe imamera ndi yosauka, yosoŵa nayitirojeni, mchere womwe uja umene mlimi amaugula m'thumba la feteleza wobereketsa. Mankhwala ena aululu amafuna mchere umenewu kuti apangidwe, pamene tanini amachokera ku shuga amene tsamba limapanga ndi dzuŵa, mpweya ndi madzi. Dzuŵa ku Mchinji silisoŵa. Mtengo wosaukawu tsono umasula chida ndi chuma chimene uli nacho chambiri.

Mitengo ina ili ndi zida zina. Thombozi ndi nkhadze zikathyoledwa zimatuluka utomoni woyera ngati mkaka, umene umamata kukamwa kwa mbozi. Wa nkhadze ngwoopsa ngakhale kwa munthu ukagwera m'maso. Fungo la tsamba la bulugama likafikisidwa m'manja limachokera ku mafuta amene tizilombo tambiri ta kuno sitiŵafuna. Nawo mwabvi, umene makolo ankamwetsa anthu oganiziridwa ufiti mpaka boma lidaletsa m'chaka cha 1911, sudapange ululu wake chifukwa cha milandu ya anthu. Ululuwo, umene umaimitsa mtima, ndi linga la mtengowo kwa zilombo zofuna kuudya.

Zonsezi ndi zida zimene mtengo umakhala nazo kale. Chodabwitsa koposa ndi chakuti mtengo umamva ukalumidwa, ndipo umabwezera. Alimi a fodya a ku Mchinji akhala akugwiritsa ntchito nzeru imeneyi kwa zaka zambiri. Nikotini, amene amapatsa fodya ukali, ndi poizoni wophera tizilombo. Amapangidwa ku mizu nakwera kupita ku masamba. Mlimi akathena fodya, mbeuyo imalandira bala, ndipo mizu imaonjeza nikotini. Chimene mlimi amachiyesa kukometsa tsamba la pa msika, kwa fodya mwini wake ndi kusonkhanitsa asilikali.

M'chaka cha 1972, Clarence Ryan ndi mnzake T. R. Green, a pa sukulu yaukachenjede ya Washington State ku America, adapeza kuti kachilombo kakadya tsamba limodzi la matimati kapena mbatatesi, pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri masamba enanso amene sadakhudzidwe amadzaza mankhwala olepheretsa mimba ya kachilombo kugaya chakudya. Mbozi imadya, mimba nkukhuta, koma thupi osapindula kanthu. Pambuyo pake kudadziŵika kuti mthenga wamkulu wonyamula uthenga umenewu ndi mankhwala otchedwa jasmonic acid, amene amayamba kupangidwa pa bala pomwepo. Mitengo ikuluikulu imagwiritsanso ntchito mthenga yemweyu. Ndipo m'chaka cha 2018, akatswiri a ku Wisconsin, Masatsugu Toyota ndi Simon Gilroy, adajambula chenjezo loyamba likuyenda m'misempha ya kambeu kakang'ono. Linkayenda pafupifupi milimita imodzi pa sekondi, mwakuti m'mphindi ziŵiri zokha masamba akutali anali atamva kale kuti kunja kwaopsa. Mtengo ulibe ubongo, sulingalira ngati munthu, koma uthenga umafika ndithu.

Wina angafunse kuti bwanji mtengo sungodzaza mankhwala onse nthaŵi imodzi nkukhala mwamtendere. Vuto ndi ndalama, kunena mophiphiritsa. Shuga amene wapita ku mankhwala sapitanso ku mizu, ku maluŵa kapena ku mbeu. Mfumu imene ingasunge ankhondo ambiri chaka chonse popanda nkhondo, anthu ake agona ndi njala. Mtengo umasunga alonda oŵerengeka, ndipo ena umaŵaitana mfuu ikamveka.

Mfuuyo imatulukanso kunja. Tsamba lolumidwa limatulutsa fungo limene limauluka ndi mphepo. M'chaka cha 1983, Ian Baldwin ndi Jack Schultz adang'amba masamba a timitengo ta poplar ndi maple m'chipinda chotseka, ndipo pasanathe masiku atatu timitengo tinzake timene sitidakhudzidwe, koma tinkapuma mpweya umodzi, tidaonjeza mankhwala otetezera. Manyuzipepala adalemba kuti mitengo imalankhulana. Mau amenewo ngokometsera. Fungolo limathandiza mtengo wolumidwawo kuchenjeza nthambi zake zina, ndipo woyandikana nawo amangomvera nawo, monga mnansi amvera zokambidwa kuseri kwa mpanda.

Alipo enanso amene amanunkhiza fungo limeneli. M'chaka cha 1990, Ted Turlings ndi anzake ku Florida adaonetsa kuti chimanga chodyedwa ndi mbozi chimatulutsa fungo loitana timavu ting'onoting'ono, timene timaikira mazira m'thupi la mbozi. Ana ake akaswa amaidya mboziyo kuyambira m'kati. Kukanda tsamba ndi mpeni kokha sikudaitane timavuto kwenikweni, koma atapaka malovu a mbozi pa balapo, tidabwera. Ndiye kuti mbeu imasiyanitsa bala la mphepo ndi bala la mdani. Ku Netherlands, m'chaka cha 2013, kudapezekanso kuti timbalame tina todya mbozi timalondola fungo la mitengo ya maapozi yogwidwa ndi mbozi ngakhale mbozizo sitikuziona. Apa mpamene pali chenjezo kwa mlimi wopopera mankhwala a m'sitolo mosasamala, pakuti timavu tija timafa msanga kuposa mbozi.

Anthu adaphunzira kubwereka zida za mitengo. M'chaka cha 1959, dzombe litagwa ku Sudan, katswiri wa ku Germany, Heinrich Schmutterer, adaona kuti lidadya zomera zonse nkusiya mtengo wa nimu uli chibiriŵirire. M'chaka cha 1968 akatswiri aŵiri a ku Britain, Butterworth ndi Morgan, adapatula mankhwala amene amachititsa zimenezi, otchedwa azadirachtin. Amanyansitsa chakudya, ndipo mbozi imene yaumirira kudya imalephera kufundula. Poti mbozi siingakule popanda kuvula chikopa chakale, imafera m'malaya ake omwe. Nimu amakonda malo otentha monga ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Kumtunda kozizirirapo monga ku Mchinji kumapezeka mbale wake, indya, amene ali ndi mankhwala ofananako. Koma zipatso zake nzaululu kwa ana ndi nkhumba.

Chitsamba chimene alimi a m'malire muno amachidziŵa bwino ndi mthuthu, umene ena amati ombwe. Alangizi adaufalitsa kwambiri pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka, ndipo ntchito yambiri yoyesa mitengo yotereyi idachitika pa Msekera, pafupi ndi Chipata, kutsidya kwa malire. Masamba ake ali ndi mankhwala a mtundu wa rotenone, amene amaletsa thupi la kachilombo kugwiritsa ntchito mpweya. Mbozi zachilendo zoononga chimanga zitaloŵa m'dziko muno mu nyengo ya 2016 ndi 2017, mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, alimi ambiri osoŵa ndalama adatembenukira ku mthuthu ndi nimu. Ena adapindula, ena adadandaula kuti adangotaya nthaŵi. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali chitadziŵika kale m'chaka cha 2012, pamene Philip Stevenson wa ku Kew, ku London, pamodzi ndi anzake ofufuza, adapeza kuti mthuthu ulipo wa mitundu iŵiri yofanana m'maonekedwe. Pa zitsamba zinai zilizonse zimene adaziyesa m'Malaŵi, pafupifupi chimodzi chidalibe mankhwala ophera tizilombo. Mlimi amene mthuthu wake wagwira ntchito ayenera kusunga mbeu yake ndi kugaŵirako anzake. Kupopera kumayenera madzulo, chifukwa dzuŵa limasukulutsa mankhwalawa. Ndipo poti mthuthu umapha nsomba, zotsukira zake zisatayidwe mu Bua, mu Rusa kapena m'madambo othira m'mitsinjeyi. Kupha nsomba ndi mankhwala nkoletsedwa ndi lamulo.

Komabe nkhondo imeneyi mtengo supambana kotheratu, chifukwa nazo mbozi zidaphunzira. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Nunkhadala amadya zitsamba zaululu zimene tizilombo tina timazilambalala, nasunga ululuwo m'thupi mwake. Nchifukwa chake amavala zamaŵangamaŵanga, amayenda mosatekeseka ndi kununkha, pakuti mbalame imene idamulaŵa kamodzi siibwerezanso. Chida cha chitsamba chasanduka chishango cha mdani wake.

Matondo, amene amadya masamba a mtondo m'nkhalango za Mchinji, Kasungu ndi kutsidya ku Zambia, ali ndi njira ina. Amai ophika therere amadziŵa mphamvu ya chidulo, madzi ochezedwa m'phulusa amene amafeŵetsa ndiwo. M'matumbo mwa mbozi zambiri zodya masamba a mitengo muli madzi a ukali wa mtundu womwewo, ndipo m'madzi otero tanini amalephera kumanga chakudya monga achitira m'kamwa mwa munthu. Izi zidachititsa akatswiri kukonzanso maganizo a masiku a Feeny: tanini amavutitsabe mbozi, koma makamaka posanduka mankhwala ootcha khoma la matumbo, ndipo mbozi zina zimapirira kuposa zinzake. Matondo amathamangiranso nyengo. Miyezi yambiri ya chaka amagona m'nthaka atasanduka zilonga zouma, ndipo agulugufe ake akuluakulu a usiku amatuluka kudzaikira mazira pamene masamba atsopano alipo, kuti ana akaswa apeze chakudya chofeŵa. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala mitengo ina imatha masamba onse. Koma mtondo wathanzi sufa nazo zimenezi. Umaphukanso, ndipo ndoŵe za matondo zimagwera pansi pake ngati manyoŵa.

Mai akatola matondo, asanaŵaŵiritse amayamba waŵafinya kuchotsa zobiriŵira za m'mimba. Zimene amatayazo ndi masamba a mtondo pamodzi ndi mankhwala ake oŵaŵa. Chotsala ndi ndiwo imene ikauma, kupitirira theka la kulemera kwake ndi chakudya chomanga thupi, ndipo imabwera m'miyezi imene nkhokwe zayamba kupepuka. Munthu sangadye tsamba la mtondo, ngakhale mbuzi siilikonda likakhwima. Koma tondo limalisandutsa nyama. Pozindikira phindu limeneli, oyang'anira nkhalango ya zinyama ya Kasungu, kumpoto kwa Mchinji, adayamba kulola anthu ozungulira kuloŵa kukatola matondo m'chaka cha 1990.

Pa nkhondo ya mtengo ndi mbozi, amene angaononge mbali zonse ziŵiri ndi nkhwangwa ndi moto. Alipo anthu amene amagwetsa mtondo wathunthu kuti atole matondo a kunsonga. Ndiwo ya tsiku limodzi imeneyo imathetsa mtengo umene ukadadyetsa matondo zaka makumi angapo, pa nthaŵi imene makala, nkhuni ndi milimo ya zigafa zapungula kale nkhalango. Chikhalirecho, Simon Munthali ndi Daniel Mughogho, amene adafalitsa zofufuza zawo za ku Kasungu m'chaka cha 1992, adapeza kuti matondo amachuluka pa mitengo yaifupi, ya pakati pa mita imodzi ndi mamita atatu, imene munthu angafikire ataima pansi.

Za moto, umboni ulipo wa zaka zambiri. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, kudakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930 zigawo za nkhalango ya miombo zoyeserapo moto, ndipo Colin Trapnell adafotokoza zotsatira zake m'chaka cha 1959. Chigawo chootchedwa chaka ndi chaka kumapeto kwa chilimwe chidataya mitengo yake ya miombo, pamene chootchedwa koyambirira, udzu usanaumitse, chidakhalabe nkhalango. Chifukwa chake nchosavuta kumva kwa amene watsatira nkhani ino. Moto wa mu Okutobala umapeza mtengo utangotulutsa nkhokwe yake yonse kuti upange masamba ofiira aja pamodzi ndi mankhwala ake. Masambawo akapsa, uyenera kuphukanso ndi zotsalira, ndipo masamba achiŵiriŵa amatuluka mochedwa, nthaŵi imene tizilombo tachuluka. Moto womwewo umapsereza mazira ndi timatondo tating'ono. Ku Kasungu, Munthali ndi Mughogho adapeza matondo ambiri m'malo ootchedwa koyambirira, ndipo ocheperatu m'malo ootchedwa mochedwa.

Moto woyambirira umayatsidwa cha mu Meyi kapena Juni, madzulo mphepo itatsika, pamene udzu ukadali ndi chinyezi ndipo malaŵi safika m'nthambi. Umayenda pang'onopang'ono, nuzima wokha mame akagwa, nusiya zigamba zosapsa momwe tizilombo tothandiza timabisala. Moto wa osaka mbeŵa ndi wa osuta otaya zotsalira za fodya m'mbali mwa mseu, umene umaoneka usiku ukukwera mapiri a Mchinji mu Seputembala ndi Okutobala, ndiwo umene umafika masamba akadali ofiira.